Buku la ISO/IEC 27001:2022 pa pulojekiti ya masitazi: ligulidwe, koma palokha silingakufikitseni

Amene akuchita digiri ya masitazi pa kayendetsedwe ka chitetezo cha uthenga ndi deta, makamaka kumene maphunziro amayendera pulojekiti yochitira ku bungwe lenileni, sapita patali supavayiza asanawauze kuti apeze ISO/IEC 27001, muyezo wa padziko lonse wa mmene bungwe liyenera kuyendetsera chitetezo cha uthenga. Ndi katundu wogula ngati wina aliyense. Mumalipira pa sitolo ya pa intaneti ya ISO, bungwe la padziko lonse lolemba miyezo, mu ndalama za ku Switzerland, kapena mumadzera ku bungwe loona za miyezo la dziko lanu, n'kulandira PDF yololedwa kugwiritsidwa ntchito ndi munthu mmodzi. Chodabwitsa choyamba n'kuchepa kwake. Masamba sakwana 30, ndipo chigawo chachikulu cha kumapeto ndi tebulo chabe. Wophunzira amene ankayembekezera chibuku chomuphunzitsa kutchinga mbava za pa intaneti amaona ngati amupusitsa.

Sanamupusitse, kungoti wagula chinthu china. Bukuli limanena zimene bungwe liyenera kukhala nazo kuti munthu wakunja akhulupirire kuti chitetezo chikuyendetsedwa mwadongosolo, koma za kachitidwe kake silitchula. Lili ngati pepala la mafunso limene woyendera nyumba yatsopano amabwera nalo, pomwe pulani ya mmisiri mukaipezere kwina. Pa pulojekiti ya masitazi, ubwino wake ndi wakuti limakupatsani msana wa ntchito yonse kuyambira sabata yoyamba mpaka tsiku loikira kumbuyo lipoti. Kuipa kwake ndi kwakuti pamalo pamene ophunzira amavutika kwambiri, pa kuunika ziopsezo, m'pamene limalankhula mwachidule kwambiri.

Onetsetsani chaka musanalipire

Mizu ya muyezowu ili mu BS 7799 wa ku Britain, amene anayamba kutuluka mu 1995. Unakhala ISO/IEC 27001 mu 2005, unakonzedwa mu 2013, n'kukonzedwanso mu October 2022. Mabungwe amene anali ndi satifiketi ya 2013 anapatsidwa mpaka pa 31 October 2025 kuti asamukire ku watsopano, choncho pulojekiti yoyamba lero pa buku la 2013 ikumanga pa chinthu chimene chinapuma kale. Vuto ndi lakuti mafayilo ambiri a Excel ndi zitsanzo za ndondomeko zimene zimazungulira pa intaneti ndi m'magulu a WhatsApp a ophunzira n'zakale. Kuzizindikira n'kosavuta. Mukaona Annex A, tebulo la kumapeto lija, ili ndi njira zotetezera 114 m'magulu 14, manambala ake kuyambira A.5 mpaka A.18, dziwani kuti ndi za 2013. Ya 2022 ili ndi njira 93 m'magulu anayi: 37 za kayendetsedwe ka bungwe, 8 zokhudza anthu, 14 za malo ndi zipangizo, ndi 34 za tekinoloje. Zina 11 mwa izo n'zatsopano, monga 5.23 ya mautumiki a cloud, 8.9 ya kasamalidwe ka masetingi, 8.12 yoletsa kudontha kwa deta ndi 8.28 ya kulemba mapulogalamu mosamala.

Palinso kachidutswa kowonjezera ka mu February 2024, kamene kanaika mu ndime 4.1 lamulo lakuti bungwe lione ngati kusintha kwa nyengo kukulikhudza. Ambiri amakadumpha poganiza kuti n'kokongoletsera. Kwa bungwe la ku Blantyre, Mulanje kapena Chikwawa limene linaona namondwe Freddy mu March 2023, funso la kumene seva yakhala, kutalika kwake kuchokera pansi, ndi masiku amene ofesi ingagwire ntchito magetsi kulibe, si lokongoletsera ayi.

Mwini nkhani ndi ndime 4 mpaka 10

Cholakwa chofala kwambiri n'kutsegula bukuli kumapeto. Tebulo la Annex A limakopa chifukwa limaoneka ngati ntchito yosavuta kugawa: mizere 93, kufunsa wa IT kuti zilipo kapena palibe, kuwerengera peresenti, kujambula tchati, basi. Oyesa mayeso odziwa nkhaniyi amabweza ntchito yotere, ndipo amalondola. Zofunika zimene bungwe silingazembe zili mu ndime 4 mpaka 10, pomwe Annex A ndi poyang'anira pambuyo pake kuti simunaiwale kanthu.

Ndime 4.3, ya malire a ntchito, ndiyo imapha kapena kupulumutsa pulojekiti. Titenge chitsanzo cha SACCO yokhala ndi likulu ndi nthambi zitatu. Wophunzira akalemba kuti malire ake ndi bungwe lonse, wadzisenzetsa mtolo umene ngakhale kampani ya alangizi singamalize m'miyezi isanu ndi umodzi. Malire ogwirika amamveka motere: kulandira ndalama zosunga ndi kubweza ngongole za mamembala pa likulu, kuphatikizapo seva ya pulogalamu ya maakaunti, makompyuta a pa kauntala ndi a ku ofesi ya ngongole, mafayilo a mapepala a mamembala, ndi njira yolandirira ndalama kudzera pa foni. Ndime yomweyi imafuna kuti mutchule pamene ntchito ya bungwe imalumikizana ndi ya anthu ena, ndipo apa m'pamene pamabisala zambiri. Kampani imene inagulitsa pulogalamu ya maakaunti nthawi zambiri imalowa mu seva ili kutali kudzera pa AnyDesk kapena TeamViewer, ndi pasiwedi imene sinasinthidwepo chiikireni. Mukaisiya kunja kwa malire chifukwa choti si antchito a bungwelo, mwasiya khomo lalikulu kunja kwa kafukufuku wanu.

Ndime 4.2 imafunsa kuti ndani ali ndi chidwi ndi chitetezo cha bungwelo ndipo akufuna chiyani. Apa bukuli silingakuthandizeni, chifukwa silidziwa dziko lanu. Ku Malawi muyenera kuwerenga nokha Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016 ndi Data Protection Act ya 2024, imene woyang'anira wake ndi MACRA, ndipo ngati bungwelo ndi la zachuma muonjezere malangizo a Reserve Bank of Malawi. Ku Zambia kuli Data Protection Act ya 2021, ku South Africa kuli POPIA, lamulo lawo loteteza deta ya anthu. Zimene mwapezazo zimadzabweranso pa njira 5.31 ndi 5.34 za mu Annex A, ndiye zilembeni m'tebulo kuyambira pachiyambi: lamulo, gawo lake, chimene likufuna, ndi munthu wa m'bungwemo amene ayenera kuchikwaniritsa.

Ndime 5 imanena za atsogoleri, ndipo kwa wophunzira tanthauzo lake ndi limodzi: ngati amene wakulolani kulowa m'bungwe ndi wa IT yekha, simunaloledwe. Pezani kalata yosainidwa ndi mkulu wa bungwe, yonena malire a ntchito, anthu amene mungawafunse mafunso, zikalata zimene mungaone, ndiponso ngati mukuloledwa kuyesa netiweki. Nkhani ya kuyesa ilembedwe mwatchutchutchu, makina ati, tsiku liti, maola ati. Kuyendetsa mapulogalamu ofufuza mipata (sikani) monga Nmap kapena OpenVAS pa netiweki ya eni popanda chilolezo cholembedwa kungakupalamulitseni mlandu, ndipo ngakhale chilolezo chilipo, sikani yochitika 10 koloko m'mawa pa tsiku lolandira malipiro ikhoza kugwetsa pulinta yakale kapena kuchedwetsa seva anthu ali pamzere. Njira 8.34 inalembedwera zomwezo. Chilolezo cha komiti yoona za kafukufuku ya ku yunivesite n'chapadera, ndipo chimatenga nthawi, choncho chipempheni sabata yoyamba.

Kuunika ziopsezo: pamene bukuli limakusiyani panjira

Ndime 6.1.2 ndiyo mtima wa muyezowu, koma sidzaza ngakhale tsamba limodzi. Imafuna kuti mukhale ndi muyeso wa chiopsezo chimene bungwe lingalolere, kuti njira yanu ikabwerezedwa izipereka zotsatira zofanana, kuti mupeze ziopsezo zokhudza kuululika kwa chinsinsi, kusinthidwa kwa deta ndi kusapezeka kwake pa nthawi yofunika, kuti chiopsezo chilichonse chikhale ndi mwini wake, ndipo muziike mu ndondomeko ya kukula kwake. Kachitidwe kake, zii. Izi zinachitika mwadala kuti banki yaikulu ndi kakampani ka anthu khumi onse akwanemo, koma kwa munthu amene akuphunzira ndi dzenje. Muyenera kukatenga njira kwina. ISO/IEC 27005:2022, imene imafotokoza kasamalidwe ka ziopsezo, ndi yogulanso. NIST SP 800-30 ya ku America ndi yaulere, ili ndi matebulo a zitsanzo za ziopsezo ndi miyeso kumapeto kwake, ndipo pa pulojekiti ya masitazi ndi yokwanira bola mufotokoze chifukwa chimene mwaisankhira.

Ophunzira ambiri amagwiritsa ntchito tebulo la 5 kuchulukitsa 5: mwayi woti chinthu chichitike, 1 mpaka 5, ndi kukula kwa chiwonongeko, 1 mpaka 5. Si loipa, koma limalephera m'njira ziwiri zodziwika. Yoyamba ndi yakuti manambala akapanda kutanthauziridwa, aliyense wofunsidwa amathawira pa 3, ndipo mumatsala ndi ziopsezo 40 zonse zili pa 9. Mankhwala ake n'kulemba tanthauzo la nambala iliyonse m'chilankhulo cha bungwelo musanafunse aliyense. Mwachitsanzo, pa chiwonongeko, 1 akhale kauntala imodzi kuima kosapitirira ola, 3 akhale likulu lonse kulephera kutumikira mamembala tsiku lathunthu, 5 akhale kutayika kwa mbiri ya ngongole kosabwezeka kapena nkhani yofika kwa oyang'anira a boma. Pa mwayi, 5 akhale chinthu chochitika mwezi uliwonse, 1 chimene palibe wantchito akukumbukira kuti chinachitikapo. Miyeso ya ndalama muikemo makwacha amene akauntanti wa bungwelo wavomereza, osati ongoganizira inu.

Kulephera kwachiwiri n'kwa masamu. Kuthima kwa magetsi kochitika sabata iliyonse koma kosawononga zambiri kumapeza 5 kuchulukitsa 1, ndipo moto wopsereza chipinda cha seva umapeza 1 kuchulukitsa 5. Zonse zili pa 5, chonsecho si zinthu zofanana. Ikani lamulo loonjezera lakuti chilichonse chimene chiwonongeko chake chafika pa 5 chiyenera kukambidwa ndi atsogoleri ngakhale mwayi wake uli wochepa, ndipo m'lipoti muvomereze poyera kuti manambala otere amangosanja zinthu, sayeza kuti china chaposa chinzake kangati. Woyesa mayeso akaona kuti mukudziwa malire a chida chanu amakukhulupirirani pa zotsalazo.

Kalembedwe ka chiopsezo nakonso kamasiyanitsa ntchito yakupsa ndi yosapsa. Kulemba kuti "ma virus" kapena "kubedwa kwa deta" sikuthandiza aliyense. Chiopsezo chilembedwe ngati chochitika chokhala ndi woyambitsa, mpata ndi zotsatira: wantchito amene anachotsedwa akulowabe mu pulogalamu ya maakaunti chifukwa a ofesi yolemba antchito sauza wa IT munthu akachoka, ndipo akhoza kusintha mabalansi a ngongole. Chikalembedwa chotero, mwini wake amaonekeratu kuti si wa IT koma mkulu woona za antchito, ndipo njira zotetezera zimadzisankha zokha, 5.18 ya ufulu wolowera ndi 6.5 ya udindo wa munthu akasiya ntchito. Mndandanda umene chiopsezo chilichonse mwini wake ndi wa IT umasonyeza kuti wophunzirayo sanatuluke m'chipinda cha seva. Ziopsezo 25 mpaka 40 zolembedwa bwino n'zokwanira pa malire ngati a SACCO ija. Mazana awiri ongokopera pa intaneti sawerengedwa ndi aliyense.

Ndipo zimene anthu amanena pofunsidwa muziyerekeza ndi zimene maso akuona. Pemphani kuyenda mu ofesi nthawi ya nkhomaliro. Tembenuzani kiyibodi ya pa kauntala, mwina pansi pake pali kapepala komata kolembedwa pasiwedi. Onani ngati makompyuta osiyidwa adzitseka okha, ngati chipinda cha seva chimasungiramonso makatoni a mapepala ndi ketulo, ngati UPS, chipangizo chosungira magetsi, ili ndi batire yamoyo kapena imangolira magetsi akathima n'kuzima limodzi ndi seva. Yang'anani tsiku ndi nthawi pa makina atatu kapena anayi. Kompyuta yakale imene kabatire ka pa bolodi kanatha imabwerera ku chaka chakalekale magetsi akangothima, ndipo zikatero malogi ake sangagwirizane ndi a seva tsiku limene mudzafune kudziwa amene anasintha akaunti. Njira 8.17, ya kugwirizanitsa mawotchi, imaoneka yaing'ono m'tebulo mpaka mutaona zimenezi.

Annex A ndi mnzake wofunika kugula naye

Ndime 6.1.3 imanena ndondomeko momveka bwino, ngakhale ambiri amaitembenuza. Choyamba musankhe chochita ndi chiopsezo chilichonse, kenako mupeze njira zotetezera zofunika kuchokera kulikonse, ndipo pomaliza muziyerekeze ndi Annex A kuti muone ngati pali imene mwaiwala. Zotsatira zake ndi chikalata chotchedwa Statement of Applicability, chimene chiyenera kusonyeza zinthu zinayi: njira zofunika, chifukwa choziikira, ngati zikugwira kale ntchito kapena ayi, ndi chifukwa chosiyira njira iliyonse ya mu Annex A imene simunatenge. Onjezani danga lachisanu lanulanu, la nambala ya chiopsezo chimene njirayo ikuyankha. Danga limeneli ndilo limalola woyesa mayeso kulondola ulusi kuchokera pa chimene munaona mu ofesi mpaka pa chimene mukulangiza.

Samalani ndi zifukwa zosiyira. Kunena kuti bungwe silipanga mapulogalamu choncho njira zonse za kapangidwe ka mapulogalamu zachotsedwa kumamveka bwino, mpaka zitadziwika kuti akauntanti ali ndi fayilo ya Excel yodzaza ma macro imene imawerengera chiwongoladzanja cha mamembala onse, kapena kuti kampani ina ikuwapangira pulogalamu ya pa foni, zimene zimagwera pa 8.30. Kusowa ndalama nakonso si chifukwa chochotsera njira. Ngati chiopsezo chilipo koma bungwe silingakwanitse, mwini chiopsezocho asaine kuti wachilandira momwe chilili.

M'tebulo la Annex A, njira iliyonse ili ndi chiganizo chimodzi kapena ziwiri basi. Kufotokoza kwake kuli mu ISO/IEC 27002:2022, buku la masamba oposa 100 limene linatuluka mu February 2022, ndipo limagulitsidwa palokha pa mtengo wokwererapo. Apa ndiye pali dandaulo lenileni pa katunduyu: wogula 27001 yekha wagula theka la chida. Pa ntchito ya tsiku ndi tsiku ya pulojekiti, 27002 ndi limene mudzatsegule kawirikawiri, chifukwa limapereka cholinga cha njira iliyonse, malangizo a kachitidwe, ndi zizindikiro zosonyeza ngati njirayo ndi yoletsa, yozindikira kapena yokonza zinthu zikawonongeka. Zizindikirozi n'zothandiza posanthula: mukasanja njira zimene bungwe lili nazo, kawirikawiri mudzapeza kuti zoletsa zilipo ndithu, koma zozindikira kuti mbava yalowa kale palibe. Musanatulutse ndalama funsani ku laibulale ya yunivesite. Amene akuphunzira ku Britain nthawi zambiri amawapeza mabuku onsewa kudzera pa British Standards Online imene sukulu zambiri kumeneko zimalipira. Kwathu kuno ndi bwino dipatimenti ifunse ku Malawi Bureau of Standards, amene ndi membala wa ISO, m'malo moti wophunzira aliyense azisaka yekha ndalama zakunja.

Kuchita, kuyeza, ndi nthawi imene ilipo

Pulojekiti imene yathera pa malangizo ndi yofooka kuposa imene yayesa kanthu. Simungakhazikitse njira 60 m'semesita imodzi, koma zitatu kapena zisanu zokhudza ziopsezo zapamwamba n'zotheka, ndipo ndime 9.1 imakuuzani mafunso oyenera: chiyezedwe n'chiyani, ndi njira yanji, liti, ndi ndani. Chitsanzo chabwino ndi bakapu, njira 8.13. Pafupifupi bungwe lililonse limati limasunga bakapu. Pemphani ya Lachisanu lapitalo, muibwezeretse pa kompyuta yapadera yosalumikizidwa ku netiweki, muwerenge mphindi kuyambira poyamba mpaka pulogalamu itatseguka, kenako muyerekeze chiwerengero cha malipiro a tsikulo ndi lipoti losindikizidwa la pa kauntala. Zotuluka pa kuyesa kotere zimakhala zamitundumitundu: fayilo yosatseguka, bakapu imene inasiya kuyenda disiki itadzaza koma palibe anazindikira, pasiwedi yotsegulira imene anapita nayo wantchito wakale, kapena disiki ya bakapu yolumikizidwa ku seva usana ndi usiku, kutanthauza kuti ransomware, virus yomanga mafayilo kuti eni ake alipire, ikalowa idzamanga zonse pamodzi. Mukakonza n'kuyesanso patatha milungu inayi, muli ndi manambala awiri enieni oyerekeza, a poyamba ndi a pambuyo. Chimodzimodzi ndi maakaunti: tengani mndandanda wa olowa mu pulogalamu, muuyerekeze ndi mndandanda wa olandira malipiro mwezi umenewo, muwerenge mayina otsala.

Pa milungu 24, kagawidwe kogwirika n'kotere. Itatu yoyambirira ipite ku makalata a chilolezo ndi malire, isanu ku kufunsa mafunso, kuwerenga zikalata ndi kulemba katundu wa bungwe malinga ndi njira 5.9, ina isanu ku ziopsezo, itatu ku Statement of Applicability ndi pulani yothana ndi ziopsezo, inayi ku kukhazikitsa ndi kuyeza, iwiri ku oditi yamkati ndi msonkhano wa atsogoleri, yotsalayo kumangirira lipoti. Kulemba kuyambe msanga, chifukwa milungu iwiri yomaliza siyokwanira kulemba kuchokera pa tsamba loyera. Chimene chimadya nthawi mosayembekezereka si ntchito ya makompyuta koma kupeza anthu: kumapeto kwa mwezi a ku maakaunti sapezeka, ndipo bodi imakumana mwa apo ndi apo.

Ndime 9.2 imafuna kuti ochita oditi akhale osakondera, choncho simungaunike ntchito imene mwapanga nokha. Apa maphunziro a m'magulu ali ndi mwayi. Magulu awiri asinthane, lina liunike ntchito ya linzake potsatira malangizo a kachitidwe ka oditi a mu ISO 19011, bola bungwe livomereze anthu owonjezerawo m'kalata. Cholakwika chilichonse chilembedwe ndi zinthu zitatu, chofunika chimene chaphwanyidwa, umboni, ndi chiganizo chonena kusiyana kwake. Ophunzira amaphunzira zambiri pa masiku awiri ofunsidwa kuti "umboni uli kuti?" kuposa pa mwezi wa m'kalasi. Pa magulu pomwepo, pewani kugawana Annex A kuti wina atenge za kayendetsedwe ka bungwe, wina za anthu, wina za malo, wina za tekinoloje. Kugawana kotere kumabala malipoti anayi osadziwana. Gawanani magawo a ntchito ya bungwe, koma miyeso ya ziopsezo mupangire pamodzi, patebulo limodzi.

Zimene bukuli silingakuchitireni

Silisanja njira zotetezera potengera kufunika. M'tebulo, kuyeretsa desiki ndi kuteteza maakaunti a admin zimaoneka zolemera mofanana. Bungwe laling'ono likafunsa kuti tiyambire pati, yankho labwino lili mu CIS Controls, mndandanda wina wa njira zotetezera, zimene n'zaulere: mtundu wa 8 uli ndi magulu 18, ndipo gawo lake loyamba, IG1, lili ndi zochita 56 zoyambira. Polankhula ndi bodi, NIST Cybersecurity Framework 2.0 ya mu February 2024, ndi nsanamira zake zisanu ndi imodzi, imamveka msanga kuposa manambala a ndime. Kugwiritsa ntchito 27001 ngati msana, CIS posankha zoyambira, ndi NIST pofotokozera atsogoleri si kusakaniza zinthu mwachisawawa, bola mutu wa njira za kafukufuku ufotokoze ntchito ya chilichonse.

Silikupatsaninso funso la kafukufuku, ndipo apa pagwa ophunzira akhama ambiri. Munthu akhoza kupanga zikalata zonse bwinobwino, bungwe n'kumuthokoza, koma oyesa mayeso n'kunena kuti iyi ndi ntchito ya mlangizi wolembedwa ganyu, si ya masitazi. Funso liyenera kukhala pamwamba pa muyezowo. Mwachitsanzo, ndi zofunika ziti za 27001 zimene bungwe la antchito osakwana 30, lokhala ndi wa IT mmodzi, limalephera kukwaniritsa, ndipo chifukwa chiyani? Njira 5.3 imafuna kugawa maudindo kuti munthu mmodzi asayambitse ndi kuvomereza yekha chinthu, nanga kumene munthuyo alidi mmodzi, n'chiyani chingalowe m'malo mwake? Funso lotere limasandutsa zovuta zimene mwakumana nazo kukhala zotsatira za kafukufuku.

Chingerezi chake n'cha malamulo, chouma, ndipo mawu amodzi amasintha zambiri. Pamene palembedwa kuti bungwe lisunge umboni wolembedwa, woyendera adzaufuna, pamene sipanalembedwe musapange chikalata chongodzaza fayilo. Bukuli silifuna ndondomeko 40. Ndondomeko ya masamba awiri imene wa pa kauntala waiwerenga, kapena kufotokozeredwa m'Chichewa pa msonkhano wa m'mawa, imakwaniritsa ndime 7.3 kuposa chibuku chokopera chimene chikadali ndi dzina la kampani ya ku India pa tsamba lachisanu ndi chiwiri.

Pali chisokonezo china chimene otsatsa maphunziro amapezerapo mwayi. ISO siipereka satifiketi kwa aliyense. Satifiketi ya 27001 imaperekedwa kwa bungwe, ndi kampani yoyendera yovomerezeka, pambuyo pa oditi ya magawo awiri, ndipo imakhala zaka zitatu ndi kuyenderedwa chaka chilichonse. Zimene munthu payekha amapeza ndi mapepala a kosi monga Lead Implementer kapena Lead Auditor, kawirikawiri ya masiku asanu. Ndi othandiza pofunsira ntchito, koma salowa m'malo mwa pulojekiti, ndipo m'lipoti musalonjeze kuti bungwe lidzalandira satifiketi. Chimene mungalonjeze ndi kulifikitsa poti lidziwe chimene chatsala.

Kwa amene pulojekiti yake ndi ya kayendetsedwe ka chitetezo m'bungwe lenileni, 27001 ndi 27002 n'zoyenera ndalama zake, zonse ziwiri pamodzi. Amene nkhani yake ndi kuyesa kuboola makina, kusanthula ma virus kapena kufufuza umboni wa pa kompyuta, asavutike kugula, mizere yochepa yofotokoza muyezowu ndi yokwanira.

Pomanga lipoti, kumbukirani kuti mawu a bukuli ali ndi eni ake, choncho musakopere tebulo lonse la Annex A kumapeto kwa ntchito yanu. Tchulani nambala ndi mutu wa njira, zotsalazo mufotokoze m'mawu anu. Choopsa kwambiri ndi mndandanda wa ziopsezo. Lipoti la masitazi limathera mu laibulale, nthawi zina pa intaneti, ndipo mndandanda wonena kuti seva yakuti ili ndi Windows yakale ndipo bakapu siyenda ndi mapu a mbava. Konzani malipoti awiri: lathunthu lopita kwa mkulu wa bungwe pamanja, ndi la ku sukulu lopanda dzina la bungwe, ma IP, mayina a mapulogalamu ndi maudindo osavuta kuzindikira mwini wake. Ngati yunivesite imalola kutsekera lipoti kwa zaka zingapo lisanaonedwe ndi anthu, pemphani zimenezo musanalipereke, ndipo zojambula mawu ndi mafayilo a sikani muzifufute pa laputopu yanu pa tsiku limene munalonjeza m'kalata ya chilolezo.